Mtsikana ndi tamponi: werengani maola, thupi likatentha musabise

Mtsikana wa ku Chidzolomondo akatha msinkhu sasowa womulangiza za nyanda. Azakhali, agogo kapena anamkungwi amamuonetsa mapindidwe ake, machapidwe ake ndi malo oyanika. Za mapadi, amene m'sitolo amawatchula kuti pensos higiénicos, nazonso tinazizolowera: amayi ambiri akuwadziwa, ndipo mwana akafunsa amayankhidwa. Koma pali chinthu chachitatu chimene akuluakulu athu ambiri sanachigwirepo m'manja. Dzina lake ndi tamponi, pa Chipwitikizi tampão.

M'midzi ya Macanga ndi Tsangano tamponi sinafale. Imagulitsidwa makamaka m'mafamasi ndi m'masitolo akuluakulu a m'mizinda ngati Tete, Lilongwe ndi Johannesburg. Komabe katundu amayenda ndi anthu. Achemwali anu ogwira ntchito m'tauni akhoza kukubweretserani kapaketi, mnzanu wa kusekondale akhoza kukugawirani imodzi tsiku la mpira, kapena mwangoiona pa Facebook n'kufuna kuyesa. Pepala la malangizo la m'paketimo limakhala la Chipwitikizi kapena Chingerezi, zilembo zake zing'onozing'ono, ndipo amene wangogawiridwa imodzi saliona n'komwe. Mapeto ake mtsikana amaphunzira yekha m'chimbudzi, akuopa kufunsa.

Tsamba lino lero likulankhula ndi inu atsikana, komanso inu amene mumawalera. Akazi mamiliyoni ambiri padziko lapansi amavala tamponi mwezi ndi mwezi popanda vuto. Ili ndi malamulo ake ochepa, ndipo kwa ife amene chipatala chachikulu chili kutali, kuwadziwa malamulowo n'kofunika kuposa kwa anzathu a m'tauni.

Tamponi n'chiyani?

Ndi kathonje kopanikizidwa zolimba, kotalika ngati chala chaching'ono cha kudzanja, kokhala ndi kachingwe kumapeto. Padi imadikira magazi kunja, pa panti. Tamponi imalowetsedwa m'njira ya msambo n'kumwa magaziwo asanatuluke, ndipo ikanyowa imafufuma. N'chifukwa chake atsikana osewera mpira, othamanga, osambira kapena opalasa njinga mtunda wautali amaikonda: sisuntha ndipo sinyula m'ntchafu.

Si chinthu chatsopano. Dokotala wa ku America, Earle Haas, analembetsa mu 1931 tamponi yokhala ndi kapaipi kolowetsera, ndipo mu 1936 inayamba kugulitsidwa ndi dzina la Tampax. Ku Germany, mu 1950, kunatuluka ya o.b., yolowetsa ndi chala, imene dokotala wa amayi Judith Esser-Mittag anathandiza kuikonza. Mitundu iwiriyi ndi imene mungaipeze mpaka lero: ya kapaipi ndi ya chala.

Papaketi pamalembedwa mawu ngati mini, normal kapena regular, ndi super, ndipo nthawi zambiri pamajambulidwa madontho. Mawuwa akunena za kuchuluka kwa magazi amene tamponiyo ingamwe. Mwa muyezo wa ku America, yaing'ono imamwa mpaka magalamu 6, ya regular magalamu 6 mpaka 9, ya super magalamu 9 mpaka 12. Choncho posankha musayang'ane zaka zanu kapena kunenepa kwanu. Yang'anani mmene magazi akutulukira tsiku limenelo. Woyamba kumene ayambe ndi yaing'ono.

Dziwani mmene thupi lanu lilili

Mantha ambiri amabwera chifukwa chosadziwa thupi. Mkazi ali ndi njira zitatu kumusi. Kutsogolo kuli kabowo kakang'ono ka mkodzo. Pakati pali njira ya msambo, imenenso mwana amadzera pobadwa. Kumbuyo kuli njira ya chimbudzi. Tamponi imalowa m'njira yapakatiyo, ndiye sikuletsani kukodza. Pokodza mungokokera kachingwe pambali kuti kasanyowe.

Njira ya msambo ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 7 mpaka 10, ndipo imathera pa khomo la chiberekero. Kabowo ka pakhomopo n'kakang'ono kwambiri moti tamponi singadutse. Zoti ikhoza kusochera m'mimba, kulowa m'chiberekero kapena kutseka njira ya ana ndi nkhambakamwa. Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti njirayi siinaime chilili ayi, inapendekera chakumsana.

Nanga za unamwali? Funso ili ndi limene limavutitsa makolo ambiri. Pakhomo pa njira ya msambo pali kachikopa kofewa, kamene achipatala amakatcha hímen. Sikatseka njira yonse ngati chivundikiro cha mphika. Kali ndi mpata, ndipo pampata pomwepo ndi pamene magazi a mwezi ndi mwezi amatulukira. Maonekedwe ake amasiyana pakati pa mtsikana ndi mnzake kuyambira chibadwire, komanso kamatanuka. Tamponi yaing'ono imadutsa pampatapo. Nthawi zina kachikopako kamatanuka kapena kung'ambika pang'ono, monga zimachitikiranso pa masewera. Mu Okutobala 2018 bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, pamodzi ndi nthambi zina za United Nations, linanena poyera kuti palibe njira yodziwira ngati mtsikana anagonapo ndi mwamuna pongoyang'ana kachikopaka. Mtsikana amene sanagonepo ndi mwamuna amakhalabe namwali ngakhale atavala tamponi.

Ikamapweteka, pali chifukwa

Gwirani mfundo iyi: tamponi yovalidwa bwino simveka. Mumayenda, kukhala pansi ndi kuthamanga ngati mulibe kanthu. Pakhomo pa njira ya msambo ndi pamene pamamva kwambiri kukhudza, pamene m'kati mwenimweni mumamva pang'ono. Ngati mukuimva ikukulasani pokhala pabenchi kapena poyenda, kawirikawiri ndiye kuti yaima pakhomo, sinalowe mokwanira. Sambani m'manja, ikankheni pang'ono ndi chala. Zikakanika ichotseni.

Zifukwa zina ndi izi. Mwina mukuilozetsa m'mwamba m'malo molozetsa chakumsana, ndiye ikugunda khoma la njira. Mwina muli ndi mantha: munthu akamaopa, minofu ya pakhomo imakungika yokha n'kuchepetsa njira, ndipo mukamakakamiza m'pamene imakungikanso. Mwina magazi ndi ochepa, njira ndi youma, ndiye thonje likukanda. Mwinanso mwayamba ndi ya super imene ndi yonenepa.

Poyesa koyamba, sankhani tsiku limene magazi akutuluka ambiri, chifukwa njira imakhala yoterera. Yeserani muli pakhomo, nthawi ilipo. Sambani m'manja ndi sopo. Chotsani kapulasitiki ndipo kokani kachingwe pang'ono kuti muone ngati n'kolimba. Nyonyomalani, kapena ikani phazi limodzi pamalo okwera. Pumani pang'onopang'ono kuti thupi limasuke. Lozetsani nsonga chakumsana ndi kukankha ndi chala mpaka chalacho chitalowa pafupifupi chonse. Kachingwe katsale kunja. Ngati ndi ya kapaipi, lowetsani kapaipi kakunja mpaka zala zitakhudza thupi, kankhani kam'kati, kenako tulutsani timapaipi tonse tiwiri. Kapaipi sikatsala m'thupi. Mukamaliza sambaninso m'manja.

Zikakanika tsiku loyamba, musadzikakamize. Valani padi kapena nyanda, mudzayesenso mwezi wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo palibe lamulo loti mtsikana aliyense azivala tamponi. Ngati simukuifuna, isiyeni.

Pochotsa, nyonyomalani, masukani, kokani kachingwe pang'onopang'ono. Tamponi yodzaza imaterereka yokha. Ikamakana ndi kupweteka, ndipo potuluka mbali yaikulu ikadali yoyera, ndiye kuti ndi yaikulu kuposa magazi anu. Ulendo wina tengani yocheperapo kapena valani padi.

Pali ululu wina wofuna achipatala. Ngati mwayesa miyezi ingapo ndi yaing'ono koma sikulowa, ngati pakhomo pakuotcha mukangokhudza, ngati pochotsa ikukodwa pa kamnofu, kapena ngati pali kuyabwa, zilonda ndi chikazi chonunkha, pitani mukaonane ndi namwino wa amayi, amene kuchipatala amamutcha enfermeira de SMI. Atsikana ena amabadwa ndi kachikopa kokhala ndi mpata wochepa kwambiri kapena kogawika pawiri, ndipo achipatala amatha kukonza. Chimodzimodzinso ngati tamponi kapena padi ikudzaza ola lililonse kwa maola angapo, kapena msambo ukupitirira masiku 7: magazi akhoza kukucheperani m'thupi.

Lamulo la maola 8

Sinthani tamponi pakadutsa maola 4 mpaka 8. Isapitirire maola 8 ili m'thupi, ngakhale isanadzaze. Lamuloli likuoneka lophweka, koma taliyezani ndi tsiku la kwathu kuno.

Mwavala 5 koloko m'mawa n'kuuyamba wapansi wa kusukulu. Maola 8 akwana 1 koloko masana. Kodi nthawi imeneyo mudzakhala pamalo oti n'kusintha? Kodi chimbudzi cha pasukulu panu chili ndi chitseko, nanga madzi ndi sopo zilipo? Tsiku lopalira chimanga, lothyola fodya kapena lokumba kachewere, mumachoka mbandakucha n'kubwerako dzuwa litapendeka, manja ali dothi lokhalokha. Pa ulendo wa chapa wochoka ku Furancungo kupita ku Tete nthawi ya dzinja, galimoto ikatitimira m'matope mukhoza kuswera panjira. Masiku ngati amenewa, ngati mukudziwa kuti simupeza malo obisika ndi madzi osamba m'manja, padi kapena nyanda yoyera ndiyo yabwino.

Usiku nawo uwerengereni. Kumudzi timagona msanga. Kuchokera 8 koloko usiku kufika 5 koloko m'mawa ndi maola 9, ndiye lamulo laphwanyidwa kale. Pogona valani padi kapena nyanda.

Pali chiyeso china chimene tiyenera kuchitchula, cha ndalama. Matamponi akakhala ochepa, ogula kutali, mtima umati ndivale ya super kuti ndiswere nayo tsiku lonse. Maganizo amenewa ndi amene ali oopsa kwambiri, chifukwa tamponi yomwa magazi ambiri ikakhalitsa m'thupi ndiyo imaitana matenda amene tiwafotokoze pansipa. Valani yaing'ono imene ingakwanire magazi anu. Ikamadzaza maola 4 asanakwane m'pamene mungatenge yokulirapo. Ngati muli nawo ochepa, asungireni tsiku la mpira kapena la mayeso, masiku enawo muzivala zimene munazolowera.

Musavale tamponi musanayambe kusamba poti mukuyembekezera msambo, kapena pofuna kuumitsa chikazi. Musavale ziwiri nthawi imodzi. Musanalowetse yatsopano, tsimikizani kuti yakale yatuluka, ndipo tsiku lomaliza la msambo kumbukirani kuchotsa yomaliza. Tamponi siteteza mimba kapena matenda opatsirana pogonana. Mayi amene wangochira kumene, kapena amene wapita padera, asavale mpaka achipatala atamulola.

Tamponi yoiwalika imadziwika ndi fungo loipa kwambiri ndi chikazi chamtundu wachilendo. Kachingwe kakabisala, sambani m'manja, nyonyomalani, chimani ngati muli kuchimbudzi, ndipo ifufuzeni ndi chala. Musagwiritse kamtengo, waya kapena chopanira tsitsi. Ikakanika, pitani ku centro de saúde tsiku lomwelo. Namwino amaichotsa m'mphindi zochepa, ndipo si inu woyamba kufika ndi vuto lotere.

Matenda osowa koma othamanga

Pali matenda otchedwa síndrome do choque tóxico, amene pamapaketi ena amafupikitsidwa kuti SCT, pa ena TSS. Amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus. Kachilombo kameneka kamakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri athanzi, ndipo mwa akazi ena kamakhalanso m'njira ya msambo osachita kanthu. Mitundu ina ya kachilomboka imatulutsa poizoni. Tamponi yonyowa magazi ikakhalitsa, kachilomboka kamapeza chakudya, kutentha ndi mpweya, n'kuswana. Poizoniyo akalowa m'magazi, kuthamanga kwa magazi kumatsika mwadzidzidzi, ndipo impso, chiwindi ndi ziwalo zina zimayamba kulephera.

Dokotala wa ana James Todd wa ku Denver, ku America, ndiye anawapatsa dzina matendawa mu 1978. Mu 1980 dziko la America linadzidzimuka: akazi oposa 800 anadwala ali kumwezi ndipo 38 anamwalira. Ofufuza anapeza kuti ambiri ankavala tamponi ya Rely, yopangidwa ndi kampani ya Procter & Gamble, imene inkamwa magazi ochuluka zedi moti ena ankakhala nayo nthawi yaitali osasintha. Mu Sepitembala chaka chomwecho inachotsedwa pamsika. Kuyambira pamenepo zipangizo zina zinasiyidwa, mapaketi anayamba kukhala ndi chenjezo ndi muyezo, ndipo odwala anachepa kwambiri. Lero, m'mayiko amene amawerengera, matendawa amagwira pafupifupi mkazi mmodzi kapena awiri mwa akazi 100,000 pa chaka.

Chiwerengerocho n'chochepa, koma pali zifukwa ziwiri zoti inu muchite nacho chidwi. Choyamba, matendawa amakonda achitsikana. Akuluakulu ambiri matupi awo anapanga kale chitetezo cholimbana ndi poizoniyu, pamene atsikana ena a zaka za kusukulu sanachipangebe. Chachiwiri, amathamanga. Munthu amene m'mawa amangoti thupi likuphwanya akhoza kukhala atakomoka mawa lake. Lauren Wasser, mtsikana woonetsa zovala wa ku America, anadwala mu 2012 ali ndi zaka 24. Poyamba ankayesa chimfine. Anapulumuka, koma anadulidwa mwendo wakumanja, ndipo mu 2018 anadulidwanso wakumanzere.

Matendawa sapatsirana, ndipo si a tamponi yokha. Amagwiranso amuna ndi ana kudzera m'mabala, m'zilonda zamoto kapena pambuyo pa opaleshoni, komanso amayi amene angobereka kumene.

Amadzibisa ngati malungo

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa ife a ku Macanga ndi Tsangano. Taonani zizindikiro zake:

Kutentha thupi kwambiri kobwera mwadzidzidzi, madigiri 39 kapena kuposa.
Kusanza kapena kutsegula m'mimba kwamadzi.
Kuphwanya m'thupi, mutu ndi zilonda zapakhosi.
Chizungulire poimirira, kufooka kapena kukomoka.
Kufiira kwa maso, lilime ndi m'kamwa.
Khungu kufiira ngati lawauka ndi moto.
Kusokonezeka mutu ndi kuchepa kwa mkodzo.

Aliyense wa kuno akamva zimenezi anena kuti ndi malungo. Kutsegula m'mimba kukachuluka, ena akumbukira kolera imene inavuta m'chigawo cha Tete mu 2023. Kufiira kwa khungu, kumene mabuku achizungu amakudalira kwambiri, pa khungu lakuda sikuoneka bwino. Yang'anani m'maso, m'kamwa, m'zikhatho ndi kumapazi. Kusupuka kwa khungu la m'zikhatho kumabwera patatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye musakudikire.

Ganizirani mmene zingayendere mtsikana akabisa. Amayi ake amupatsa paracetamol n'kumufunditsa bulangete. Mawa lake apita naye kwa APE wa m'mudzi, amene ayeza magazi pachala. Akapeza malungo, poti kuno munthu akhoza kukhala ndi malungo pamodzi ndi matenda ena, alandira Coartem n'kubwerera kunyumba. Akapanda kuwapeza, ena ayamba kuganiza za tsempho kapena za anthu oipa. Nthawi yonseyi tamponi ikadali m'thupi, ndipo palibe amene akudziwa kupatula mwini wake. APE kapena namwino sangalote za chinthu chimene m'dera lake sichinafale. Adziwa pokhapokha mutamuuza.

Choncho mukadwala mwadzidzidzi chonchi muli kumwezi, kapena patangotha masiku ochepa msambo utatha, ndipo munavala tamponi, chitani zinthu zitatu. Ichotseni nthawi yomweyo n'kuvala padi kapena nyanda. Uzani munthu wamkulu amene muli naye pafupi. Pitani kuchipatala osadikira kuti kuche, ngakhale mwayamba kumvako bwino mutaichotsa. Mukafika nenani mawu awa: ndili kumwezi ndipo ndinavala tamponi. Ngati namwino samva Chichewa, muuzeni kuti: estou menstruada e usei tampão. Ngati paketi ilipo, itengeni.

Matendawa sachizika ndi mapiritsi a pamsika kapena mankhwala azitsamba. Amafuna kugonekedwa, kulandira madzi a m'mitsempha amene timati soro, ndi mankhwala amphamvu opha bakiteriya. Wodwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu, monga cha Ulónguè kapena Hospital Provincial de Tete, ndipo ulendo umenewo umadya maola. N'chifukwa chake ola limene mwataya pochita manyazi ndi lamtengo wapatali. Akagwidwa msanga, ambiri amachira. Amene anadwalapo matendawa asadzavalenso tamponi, chifukwa amatha kubwereranso.

Kugula, kusunga ndi kutaya

Tamponi iliyonse imakhala m'kapulasitiki kapena kapepala kakekake. Ngati kang'ambika, kanyowa kapena kachita nkhungu, itayeni. Onani tsiku lothera ntchito, limene papaketi limalembedwa kuti validade. Sungani pouma, m'kachikwama kotseka, kutali ndi chinyezi cha m'bafa ndi fumbi la fodya. Pewani zonunkhiritsa, chifukwa mafuta onunkhirawo amayabwitsa.

Musapange tamponi yanuyanu. Thonje lapamunda, nsanza, siponji ya matiresi, pepala la m'chimbudzi kapena la m'kope, zonsezi zikalowetsedwa m'kati zimanyenyeka, zidutswa zimatsalira, ndipo zilibe chingwe chokokera. Nyanda ndi yovala kunja. Yochapidwa ndi sopo n'kuyanikidwa padzuwa mpaka kuuma, nyanda ndi yaukhondo ndipo palibe chochititsa manyazi poivala.

Tamponi imagwira ntchito kamodzi kokha, sichapidwa. Ikulungeni m'pepala n'kuiponya m'chimbudzi chokumba kapena m'dzenje lootchera zinyalala. M'chimbudzi chamadzi musaponyemo, imatseka mapaipi.

Mwina munalandirapo uthenga pa WhatsApp wonena kuti m'matamponi muli poizoni. Pali kafukufuku wa mu 2024 wa akatswiri a yunivesite ya California ku Berkeley, amene anapeza tizitsulo tochepa, monga mtovu, m'matamponi 30 amene anawayeza. Kafukufukuyo sanayeze ngati tizitsuloto timachoka m'thonje n'kulowa m'magazi a munthu. Ngozi imene ili ndi umboni wa zaka zoposa 40 ndi ya kukhalitsa nayo.

Kwa inu amayi, azakhali, anamkungwi ndi aphunzitsi

Mukapeza tamponi m'chikwama cha mwana wanu, chimene mwapeza ndi umboni woti ali kumwezi, basi. Mukamukalipira kapena kumunena kuti wayamba amuna, sasiya kuvala ayi, angoyamba kubisa. Ndipo mwana amene anakalipiridwa chifukwa cha tamponi ndi yemweyo amene adzakhale chete tsiku limene thupi lidzatenthe. Khalani naye pansi, mufunseni kumene anaitenga, werengani naye tsamba lino. Ngati simukufuna kuti azivala, muuzeni zifukwa zanu mofatsa, koma mutsimikizireni kuti akadzadwala akhoza kukuuzani chilichonse osamenyedwa.

Inu anamkungwi, mwambo wanu ndi umene umafika kwa mtsikana pa nthawi yake. Pa zimene mumalangiza za ukhondo wa kumwezi, onjezani ziwiri izi: chilichonse cholowa m'thupi chisapitirire maola 8, ndipo kutentha thupi kwa mwadzidzidzi uli kumwezi n'kofunika kuchipatala. Abambo ndi alongo, inu ndi amene mumagwira njinga yamoto ndi ndalama ya ulendo. Akakuuzani usiku kuti mwana apite kuchipatala, musafunse zambiri, nyamukani.

Malamulo a dziko lino ali kumbali ya mtsikana. Ndime 88 ya Constituição da República imapereka ufulu wa maphunziro, ndipo ndime 89 imapereka ufulu wa chithandizo cha chipatala kwa nzika zonse. Lamulo nambala 18/2018 limati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Lamulo nambala 19/2019 limaletsa kukwatiwitsa kapena kutomeretsa mwana wosakwana zaka 18, ndiye kutha msinkhu si chilolezo cha banja. Sukulu yopanda chimbudzi cha atsikana chokhala ndi chitseko ndi madzi imawabweza ana kunyumba masiku angapo mwezi uliwonse, kapena kuwakakamiza kuswera ndi padi kapena tamponi imodzi. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kuitengera ku conselho de escola, kumene makolo ali ndi mipando yawo, ndi kwa atsogoleri a m'dera. Tsiku la 28 Meyi, limene kuyambira 2014 dziko lapansi limakumbukira ukhondo wa msambo, ndi mpata wabwino woyendera zimbudzi za pasukulu panu.

Inu atsikana, funsani kuchipatala cha kwanu ngati kuli SAAJ, malo olandirira achinyamata a zaka 10 mpaka 24, kumene mungafunse za thupi lanu mwachinsinsi. Kumene kulibe, funsani namwino wa SMI. Ngati wina akukuzunzani kapena kukukakamizani banja, imbani 116, Linha Fala Criança, nambala yaulere. Safunsa anadya phula. Musanavale tamponi yanu yoyamba, pezani munthu wamkulu mmodzi, kaya amayi, azakhali, achemwali kapena aphunzitsi aakazi, ndipo mumuuze kuti mwayamba kuvala. Tsiku limene mudzadwale n'kulephera kuyankhula, iyeyo ndi amene adzauze namwino.